Mpando wa Komabe

Chinthu choyamba chimene Mayi Ormerod anaona chinali mpando. Unali mpando wakale wamatabwa, umene iwo eni anaubisa kuseri kwa kabati tsiku limene anayamba kuphunzitsa m'chipindamo. M'mawa wina wa Novembala anaupeza uli kutsogolo, pafupi ndi zenera, utayang'ana kwa ana, pamalo penipeni pamene unkakhala amuna awo ali moyo. Anaima pakhomo kanthawi, jekete likudontha madzi a mvula. Kenako anaunyamula n'kuubwezera kuseri kwa kabati. Anaganiza kuti ndi osesa.

Amuna awo, a Alwyn, anaphunzitsa m'chipinda chimenecho zaka zambiri. Phunziro lawo linali la chipembedzo, filosofi ndi makhalidwe, la ana akuluakulu okonzekera mayeso olowera ku yunivesite. Anamwalira mu Seputembala, mwadzidzidzi, akutchetcha kapinga kuseri kwa nyumba. Sukulu itasowa munthu, inapempha mkazi wawo, amene ankaphunzitsa mbiri yakale m'chipinda chapansi, kuti atenge kalasilo kufikira mayeso atadutsa. Anavomera. Anthu ankati ndi kulimba mtima. Iwo ankadziwa kuti kunyumba kunali zii kuposa kusukulu, basi.

A Alwyn anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo. Mwana akanena chimene amakhulupirira, ankamukhazika pampandowo kuti atsutse chomwecho ndi mphamvu zake zonse. Wakutchalitchi ankakhalapo n'kumanena kuti kulibe Mulungu. Wosapemphera ankakhalapo n'kumuikira kumbuyo Mulunguyo. Mwana akamaliza mfundo yake, ali wokhutira, a Alwyn ankagogoda kawiri ndi mphete yawo yaukwati pa paipi ya madzi otenthetsera chipinda, imene inkadutsa pambali pa tebulo lawo, n'kufunsa mawu amodzi okha: "Komabe?" Ankati yankho lopanda komabe limayendera mwendo umodzi, ndipo silifika patali pamaso pa wochonga mayeso. Ana ankautcha mpando wa Komabe, ndipo kumbali eni akewo ankawatchanso dzina lomwelo.

Mayi Ormerod sankakhazika munthu pampandowo, ndipo sankagogoda paipi. Ankaphunzitsa molondola, mouma, motsatira buku. Ndipo zinangochitika kuti gawo limene linafika m'nyengo yachisanuyo linali la moyo pambuyo pa imfa.

Mpando uja unabwereranso kutsogolo, n'kubwereranso. Osesa anakana kwamtuwagalu. Mayi Ormerod sanauze wina aliyense, koma anayamba kuyang'ana nkhope za ana akamalowa, mmodzimmodzi, monga munthu amayang'anira anthu m'basi akataya kachikwama.

Lachinayi lililonse kalasilo linkatsalira ena onse ataweruka, kuti libwereze zamayeso. Nyengo imeneyo mdima umagwa ana asanaweruke n'komwe. Magetsi a m'makonde ankazima okha, zitseko zapansi zinkatsekedwa chimodzichimodzi, ndipo nyumba yonse yanjerwa zakudayo inkatsala ikupuma yokha: mphepo m'mazenera osakhomeka bwino, madzi akuyenda m'makoma, basi yakutali ikukwera chitunda. Chipinda chawo chinali chapamwamba penipeni, ndipo pazenera sipankaoneka kanthu koma nkhope zawo zomwe.

Madzulo amenewo Rukhsar, mtsikana wosapita m'mbali, anali ataimirira kufotokoza mfundo ya amene amati munthu alibe mzimu.

"Maganizo ndi ntchito ya ubongo," anatero, "monga nyimbo ili ntchito ya gitala. Gitala akasweka, nyimbo sisamukira kwina. Yatha basi. Choncho akufa kulibe kumene ali."

Anakhala pansi. Ndiyeno, pambali pa tebulo la aphunzitsi, paipi inalira.

Go. Go.

Sikunali kulira kwa chitsulo chikamatentha. Kunali kugogoda kwa munthu wosafulumira, kachiwiriko kotsikirako pang'ono. Mayi Ormerod anali atagwira cholembera m'mwamba, ndipo chinakhala m'mwamba momwemo.

"Abwera kudzachonga," ananong'ona Declan kumbuyo.

Wina anaseka, kusekako n'kufera pakhosi.

"Mapaipi akale amalira," anatero Mayi Ormerod. "Keziah, pitiriza pamene walekezera mnzako."

Koma maso awo anali pa Declan Threlfall. Anali mnyamata wamtali, wosatha kukhala bwino pampando, katswiri wotsanzira mawu a anthu. Ankatha kulankhula ngati woyendetsa basi, ngati mayi wa kukhitchini, ndipo pa chikondwerero chotsekera chaka anatsanzira a Alwyn mpaka eni ake anapukuta misozi ndi kuseka. Luso lomwelo ndi limene linamuika pamphepete: atatsanzira mphunzitsi wamkulu pa zokuzira mawu za sukulu, anauzidwa kuti akadzapalamulanso, wapita. Analinso woyamba kwawo kulonjezedwa malo ku yunivesite, malinga akhoze mayeso a mu Juni.

Lachinayi lotsatira paipi inagogodanso, ndipo nkhani inatuluka. Ana aang'ono ankauzana kuti a Komabe amayenda m'chipinda chapamwamba atanyamula mpando. Kogulitsa tchipisi kumunsi kwa msewu ankati mkazi wamasiyeyo amawaitana yekha. Ena ankati ayi, ndi malemuwo amene akukana kuti phunziro lawo liphunzitsidwe mozizira chotero. M'chipinda cha aphunzitsi anthu ankasiya kulankhula Mayi Ormerod akalowa, n'kuyamba kutakasa tiyi mwakhama.

Pa Lachinayi lina Mayi Ormerod anabwera ndi dengu.

"Mafoni onse muno."

"Ngakhale yanga yosweka galasiyi, aphunzitsi?" anafunsa Declan. "Iyi ngakhale amoyo siwaimbira."

"Muno, Declan."

Anaika dengulo patebulo, pansi pa chigongono chawo. Mvula inkawaza pazenera. Keziah Holt, mwana wa mlaliki, wofatsa, amene ankakhala pakona yakumbuyo, anawerenga yankho lake lotsutsa amene amati anaona akufa. Anati munthu wolira amamva zimene mtima wake ukufuna, choncho umboni wake sungadaliridwe. Anamaliza.

Go. Go.

Ndiyeno kuchokera kumbuyo, cha kukabati, chapansipansi, ngati munthu amene sakufuna kudzutsa ogona:

"Komabe?"

Anali mawu a Alwyn. Kukwera kuja kwa kumapeto kunalipo, ndi kampweya kaja kamene ankakoka asanafunse. Palibe mwana anatembenuka. Mayi Ormerod anayang'ana Declan, amene mpando wake unali pafupi ndi kabatiyo. Mutu wake unali woweramira pansi, makutu ali psuu.

Anamaliza phunzirolo. Anabweza mafoni. Anakwera basi, natsika, natsekula nyumba yamdima. Ndipo usiku umenewo anachita chimene sanachite chiikire maliro: anaphika chakudya chenicheni, nadya atakhala patebulo, nagona mpaka kucha. Podzuka anadzikwiyira. Ankadziwa bwino lomwe kuti ndi chinyengo. Anali ataphunzitsa okha mfundo zonse zosonyeza kuti ndi chinyengo. Koma Lachinayi lotsatira anadzipeza ataima pagalasi akuvala ndolo, ndipo sanazivule.

Mawuwo anamvekanso madzulo amenewo. M'mawa mwake a Duckworth, mphunzitsi wamkulu, anawaitana.

"Khalani, Mayi Ormerod. Tiyi?"

"Ayi, zikomo."

"Makolo ayamba kuimba foni. Mwana wina wamng'ono akukana kukwera masitepe. Koma si zimenezo zikundivuta." Anavula magalasi. "Wina akusewera ndi maliro anu. Sindingalole. Alwyn anali mnzanga."

"Ndilibe umboni."

"Muli ndi makutu. Pasukulu pano amene amatha kubwereka mawu a munthu ndi mmodzi, ndipo tonse tikumudziwa. Ndikufuna dzinalo lichokere kwa inu."

Ana akuweruka, Mayi Ormerod anamutsaliritsa Declan. Anatseka chitseko. Kunja kunkada kale.

"Ndiwe?"

"Si ine, aphunzitsi."

"Undiyang'ane. Unawatsanzirapo pamaso panga."

"Ali moyo. Akuseka. Zimenezo n'zina."

"Ndiye ukumudziwa amene akuchita."

Mnyamatayo anayang'ana kuchitseko. Nthabwala zonse zinali zitamuthawa, ndipo popanda izo ankaoneka wamng'ono.

"Sindingakunamizeni," ananena motsitsa. "Koma ndinalonjeza."

"Unalonjeza ndani?"

Mnyamatayo anapukusa mutu.

"Declan, ukudziwa chimene chichitike ndikapereka dzina lako? Mayeso sulemba pano. Malo aja apita. Mayi ako ukawauza chiyani?"

"Ndikawauza kuti si ine."

"Mawu okoma. Munthu wotha kulankhula ngati wina aliyense, ndingadziwe bwanji kuti pano ukulankhula ngati iwe mwini?"

Anangowayang'ana. Iwo anaona ngati ndi mwano. Anatsika masitepe, napereka dzinalo. Declan anauzidwa kuti akhale kunyumba kufikira akuluakulu a sukulu atakumana, ndipo aliyense ankadziwa chimene akagamule.

Lachinayi lotsatira kunagwa chifunga. Nyale za mumsewu zinkaoneka ngati zilonda zachikasu. Ana analowa mwakachetechete, osakankhana, ndipo mpando wa Declan unakhala wopanda munthu. Mayi Ormerod anatolera mafoni. Mumtima anali atakonzeka kuti lero kukhala zii, ndipo sanafune kudzifunsa ngati zimenezo zikuwakondweretsa kapena ayi.

Rukhsar anali asanamalize n'komwe chiganizo chake pamene paipi inalira.

Go. Go.

"Komabe?"

Tsitsi linawaima. Mnyamata uja anali kwawo, kutsidya kwa tauni. Kwa kamphindi, kamphindi kamene sanadzauzepo munthu, anakhulupirira. Milomo yawo inayamba kuumba dzina.

Go. Go.

"Komabe?"

Kachiwiri. A Alwyn sankafunsa kawiri, ndipo sankadula mwana pakamwa. Mayi Ormerod anatseka maso namvetsera ndi khutu limene linamva mawu amenewo m'khitchini, m'galimoto, pabedi, kwa zaka zonse za ukwati wawo.

"Pitiriza, Rukhsar," ananong'ona.

Mtsikanayo anapitiriza. Mawu aja anabweranso. Kampweya komweko. Kukwera komweko. Ndipo kumbuyo kwake, patalipatali, kanthu kakang'ono kamene kanalipo nthawi zonse koma iwo sankakamva chifukwa cha kugunda kwa mtima: kukhosomola kwa mwana. Kukhosomola komweko, pamalo omwewo. Munthu wamoyo sanena mawu amodzi mofanana kawiri. Ankakayika kuti wakufa angatero.

Mayi Ormerod anaimirira, napita pakhomo, nazimitsa magetsi.

Wina anakuwa pang'ono. Kenako mdima unakhazikika, wandiweyani, wonunkha majekete onyowa. Ankamva kupuma kwa ana, aliyense payekha. Ankamva madzi m'makoma. Anadikira kuti maso azolowere, ndipo pang'onopang'ono, pamwamba pa kabati, kuseri kwa katoni ya mabuku akale a nyimbo, anaona kuwala kobiriwira kochepa ngati kwa chiphaniphani.

Anayenda pakati pa matebulo akupapasa. Anakwera pampando wa Declan. Dzanja lawo linapeza foni yakale, yofunda, yomangidwa ndi mphira ku kachokuzira mawu.

Mayi Ormerod atayatsa magetsi, Keziah anali akulira kale.

"Ndi ine ndimagogoda," anatero. "Ndi chidendene. Paipi imadutsa pansi pa tebulo langa, koma imamvekera kwa inuko. Mpandonso ndi ine."

"Mawuwo ndi ine," anatero Rukhsar, akuvula wotchi yapamkono ya zija zolamula foni, n'kuiika patebulo. "Bambo Ormerod ankajambula maphunziro awo kuti tizimvera kunyumba. Ndinangodulapo."

"Enanu?"

Mitu yonse inawerama.

Mayi Ormerod anakhala pansi. Anaika foniyo patsogolo pawo mosamala, ngati ingasweke.

"Ndinakulakwirani chiyani?"

"Ayi, aphunzitsi!" Keziah anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Si choncho ayi. Tinawerengera."

"Munatani?"

"Tinawerengera. Monga munatiphunzitsira mu Okutobala. Kuti chochita chimayesedwa ndi zipatso zake. Uike chimwemwe mbali iyi, ululu mbali iyo, uone kolemera."

"Tinakhala kogulitsa tchipisi kuja madzulo onse," anatero Rukhsar. Ankalankhula mwadongosolo, monga ankayankhira mayeso. "Munkaoneka ngati mukuzima, aphunzitsi. Munkaphunzitsa za imfa ngati mukuwerenga nthawi za basi. Tsiku lina munalemba pabolodi theka la chiganizo n'kungoima. Tinati, mukamva kuti alipo penapake, ngakhale pang'ono chabe, ululu uchepa. Bodza lake laling'ono, wovulala palibe. Tinayesa kukula kwa chimwemwecho, kutalika kwake, zonse zija. Tinavota."

"Nanga Declan?"

"Anakana yekha. Anati bodza ndi bodza, ngakhale ulivale suti. Anati tikukusandutsani chinthu choyeserapo. Anatitcha mbuzi zophunzira."

"Ine ndinamuyankha kuti akhale ndi ukhondo wakewo," anatero Keziah, "koma alonjeze kuti satiulula. Analonjeza. Sitinkadziwa kuti zigwera iye. Lero timafuna mumve kuti zikuchitikabe iye kulibe, kuti mumubweze. N'chifukwa chake tinachulutsa."

Kunja galimoto inadutsa pang'onopang'ono m'chifunga. Rukhsar anakweza maso.

"Koma zinagwira, aphunzitsi. Munayamba kuvala ndolo. Sabata yatha munaseka. Tinaona tonse. Zinagwira, si choncho?"

Linali funso loona, ndipo m'chipinda chimenecho funso loona linkayankhidwa.

"Zinagwira," anatero Mayi Ormerod.

Ana ena anapuma momasuka.

"Ndinkagona. Ndinkadya. Ndinkawerenga masiku ofikira Lachinayi." Anakhudza m'mphepete mwa foniyo ndi chala. "Tsono ndiuzeni. Pa samu yanuyo, madzulo ano munawaika mbali iti?"

Anayang'ana anawo mmodzimmodzi, napitiriza.

"Mu Seputembala anandiuza ndi dokotala kuti amuna anga apita. Lero mwandiuza ndi inu. Tengani mafoni anu. Muyende bwino, kunja kuli chifunga."

Anatuluka mmodzimmodzi, osaponda mwamphamvu. Rukhsar anatsalira pakhomo.

"Phunziro lonselo lilimo m'foni yakaleyo," ananong'ona. "Ola lathunthu. Ngati mungafune."

"Osati lero."

M'mawa Mayi Ormerod anafika a Duckworth asanavule jekete.

"Dzina ndinakupatsani lija n'lolakwika. Mnyamatayo sanachite kanthu. Ndinamunamizira ndine, ndipo mulembe choncho. Abwere Lolemba."

"Mwatsimikiza?"

"Ndagwira ndi manja angawa."

"Ndiye ndani?"

"Sizichitikanso."

"Sindinafunse zimenezo, Mayi Ormerod. Munthu wochita nkhanza yotere…"

"Sinali nkhanza. Inali samu yolakwika." Anayang'ana pazenera. "Sindikunamizani, bambo. Ndikudziwa amene anachita. Koma sindikuuzani."

A Duckworth anatenga foni kuti aimbire mayi ake a Declan.

Mnyamatayo anabwera Lolemba. Mayi Ormerod anamudikira pamasitepe.

"Ndinakulakwira, Declan. Undikhululukire."

Iye anakanda m'mutu, akuyang'ana nsapato zake.

"Ndiye mwadziwa zonse."

"Ndadziwa."

"Ine ndi amene ndinkakana," anatero pang'onopang'ono. "Ndinawatukwana chifukwa cha zimenezo. Koma mmene ndakuoneranimu, aphunzitsi, ndikulakalaka mukanapanda kudziwa." Anayesa kumwetulira. "Musandichongere yankho limenelo. Ndalephera."

"Kalowe m'kalasi."

Lachinayi linafika. Mdima unagwa msanga monga mwa nthawi zonse, zitseko zapansi zinatsekedwa, magetsi a m'makonde anazima. Panalibe dengu. Keziah anali atasamuka yekha kuchoka pakona paja, nakhala kutsogolo, mapazi ali poyera. Popanda wowauza, ana onse anaika manja pamwamba pa matebulo, poonekera.

Declan anaimirira kuwerenga yankho lake. Linali la funso lakuti kodi munthu angapitirire kukhalapo thupi litatha. Anafotokoza mbali iyi, nafotokoza mbali inayo, bwinobwino, mosaseka. Anamaliza, nakhala pansi.

Mayi Ormerod sanalankhule. Mutu wawo unali utapendekera pang'ono kumbali ya paipi. Mvula inkagunda pazenera. Madzi ankayenda m'makoma, kutsika, kutsika, mpaka pansi pa nyumba. Ana anayang'ana manja awo, ndipo palibe anayerekeza kusuntha phazi. Chete ameneyo anatalika kupitirira muyeso, mpaka aliyense m'chipindamo anadziwa chimene aphunzitsi awo ankadikira, ndipo iwonso anadziwa kuti ana adziwa.

Anawongola mutu.

"Wotsatira," anatero.